Masiku Atatu ku Dublin: Kodi Miyendo Ingakwanire?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Kasungu. Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino ku Dublin m'dziko la Ireland, wandiitana kuti ndikamuone mu June, ndipo zikalata zonse zaulendo zatheka. Vuto ndi lakuti iye adzakhala kuntchito masiku atatu, ndipo ine sindikufuna kubindikira m'nyumba kapena kumuwonongera ndalama pamatakisi. Kodi munthu wa zaka 63, wozolowera kuyenda wapansi kumunda ndi kumsika, angathe kuuona mzindawu ndi miyendo yake yokha?

YANKHO: Bambo, mungathe ndithu, chifukwa pakati pa mzinda wa Dublin ndi pang'ono ndipo palibe zitunda zotopetsa. Chimene tikukupemphani n'chakuti musakhale ndi mtima wofuna kuona zonse. Sankhani malo ochepa, ndipo mtsinje wa Liffey, womwe umagawa mzindawu pakati, ukhale chizindikiro chanu, moti mukasochera muzingofunsa njira ya kumtsinje.

Tsiku loyamba yambirani mumsewu wa O'Connell Street, kumpoto kwa mtsinjewo, pamene pali mzati wachitsulo wotchedwa Spire, wotalika mamita pafupifupi 120. Pafupi pomwepo pali positi ofesi yaikulu imene inali likulu la anthu oukira ulamuliro wa Britain mu 1916. Mukafika pa chipilala cha Daniel O'Connell, mtsogoleri wandale wakale wa dzikolo, kufupi ndi mlatho, yandikirani ndithu ndipo muyang'ane bwino angelo amene ali m'munsi mwake, pakuti mabowo a zipolopolo akadalipo.

Musanawoloke mlathowo, tsatani gombe cha kum'mawa kwa mphindi ngati khumi mpaka ku Custom House Quay. Ife tikuona kuti pamenepa ndi pamene munthu wa ku Kasungu ayenera kuima nthawi yaitali. Pali zifaniziro zamkuwa zimene anaziimika mu 1997, za anthu owonda, ovala sanza, akulowera kudoko atafumbata timitolo pachifuwa, ndipo bambo wina wasenza mwana wolefuka pamapewa. Zimakumbutsa njala imene inayamba mu 1845 matenda atawononga mbatata, ija timaitchula kuti airishi m'misika yathu, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anamwalira, enanso ochuluka chomwecho n'kuthawira kunja. Amene anaona njala ya mu 2002 sadzafuna womumasulira nkhope zimenezo. Kuimapo n'kwaulere.

Tsiku lachiwiri likhale la kumwera kwa mtsinje. Monga mphunzitsi mudzakondwa kulowa pabwalo la Trinity College, yunivesite imene inakhazikitsidwa mu 1592, kumene kumasungidwa Book of Kells, buku la Uthenga Wabwino lolembedwa pamanja cha m'ma 800. Kuyenda pabwalo salipiritsa, koma kuona bukulo kumafuna tikiti, ndipo mwana wanu achite kukugulirani pa intaneti nthawi ilipo, popeza mu June alendo amachuluka kwambiri. Mukatuluka, tsatani Grafton Street, msewu wa anthu oyenda pansi okhaokha womwe mumakhala oyimba, mpaka kupaki ya St Stephen's Green, kumene mungadyere kamba wanu mutakhala pabenchi. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya National Museum mumsewu wa Kildare Street ndi nyumba ya zithunzi ya National Gallery zili pafupi, zonse n'zolowa mwaulere, ndipo ndi malo abwino ousapo mvula. Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu, tchalitchi zakale za Christ Church ndi St Patrick zili cha kumadzulo, koma kumeneko alendo ongodzaona amalipira.

Za mvulayo tinenepo pang'ono. Ngakhale June ndi nyengo yotentha kwa iwo, kwa inu kudzafanana ndi June wa kuno, ndipo mvula yowaza ngati chiperoni imabwera ndi mphepo nthawi iliyonse. Jekete losalowa madzi limathandiza kuposa ambulera, ndipo nsapato zikhale zozolowera kale phazi lanu, osati zatsopano zogulira ulendo. Dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, choncho muzidalira wotchi, apo ayi mwana wanu adzada nkhawa inu mukuganiza kuti kukadali masana. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kuno, koma chenjerani ndi njinga komanso sitima zam'misewu zotchedwa Luas, zomwe sizichita phokoso lalikulu. Mayina a misewu amalembedwa pamakoma a nyumba za pakona, m'Chiairishi ndi m'Chingelezi, ndipo msewu umodzi umatha kusintha dzina inu musanakhote n'komwe.

Tsiku lachitatu musaumirire kuyenda njira yonse. Kwerani basi kapena Luas pogwiritsa ntchito khadi yotchedwa Leap, mupite ku ndende yakale ya Kilmainham Gaol, kumene atsogoleri a kuukira kwa mu 1916 anaphedwa. Kumeneko amalowetsa anthu m'magulu okhala ndi wowatsogolera, ndipo matikiti amatha msanga, choncho awa ndi amene mwana wanu ayambe kugula inu musananyamuke ku Kasungu. Mukatuluka m'ndendemo, paki yaikulu ya Phoenix Park ili tsidya lina la mtsinje, ndipo muli agwape ongoyendayenda okha ndiponso nyumba ya pulezidenti wa dzikolo. Agwapewo muwaonere patali, chifukwa kuwadyetsa n'koletsedwa.