Amayi akubwera ku Sheffield: muwatengere kuti kumidzi ya ku England?

Kwabwera imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akukhala ku Sheffield. Akuti amayi awo akubwera kudzacheza mu Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, ndiye ulendo wathawu anatopa ndi zozungulira mmashopu, ankangofunsa kuti kodi anthu akuno amalima kuti. Funso lawo ndi loti kumidzi ya azungu kuli chani choti mayi wachikulire, mlimi, akaone, poti galimoto alibe?

Achemwali, inu muli pabwino kwambiri, Peak District, dera la mapiri ndi midzi ya alimi, ili pakhomo panu pomwepo ndipo basi ndi sitima zimafika. Koma nkhani yagona pa kusankha tsiku. Midzi yakuno mukapita tsiku wamba mupeza nyumba zamiyala zokongola ndithu koma zitseko zotseka, mumsewu muli zii, amayi adzangofunsa kuti anthu apita kuti. Ndiye tsatani masiku amene alimi amasonkhana.

Yambani ndi Lolemba lililonse ku Bakewell. Tsiku limenelo kumakhala msika wapanja komanso msika wa ziweto, nkhosa ndi ng'ombe zikulowa mubwalo, wogulitsa akuyankhula mothamanga ngati ku okushoni ya fodya ku Kanengo, alimi angoima phee kumangogwedeza mutu kapena kukweza chala, mtengo nkumakwera. Amayi sadzamva mawu ake koma zonse adzazitsata bwinobwino. Mukatuluka mugule Bakewell pudding, kachakudya kotsekemera ka kumeneko, shuga ndi wambiri koma kamodzi sikapha.

Tsiku lalikulu lenileni ndi Lolemba lomaliza la Ogasiti, limene limakhala holide. Kumakhala Hope Show, chionetsero cha zaulimi, mukwere sitima ya ku Hope Valley kuchokera ku Sheffield nkutsika pa Hope. Kuli mpikisano wa ng'ombe, nkhosa, mahatchi, mathirakitala akalekale, koma chimene ine ndimapitirako ndi agalu oweta nkhosa. Mbusa amaima malo amodzi, galu ali kutali uko, iye kumangoimba likhweru kapena kufuula mawu awiri atatu, galu nkuzungulira nkhosa, kugona pansi, kudzukanso, kuzidutsitsa pakati pa mageti mpaka kuzilowetsa mkakhola kakang'ono, osaluma ngakhale imodzi. Nthawi zina nkhosa imodzi imangokana basi, kuima nkumayang'anizana ndi galuyo nthawi ikutha, anthu onse kuseka. Munthu amene anawetapo mbuzi akhoza kukhala pamenepo tsiku lonse. Mukaphonya, kumapeto kwenikweni kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala kuli mpikisano wina wa agalu omwewa ku Longshaw, pafupi ndi Sheffield, unayamba mu 1898.

Sabata yomweyo ya kumapeto kwa Ogasiti mupite ku Eyam, mudzi wa ku Derbyshire. Midzi ya ku Derbyshire ili ndi mwambo wokongoletsa zitsime pothokoza chifukwa cha madzi. Amanyika matabwa mmadzi masiku angapo, kuwamata dongo, kenako anthu a mmudzi kukhala pansi kumamatapo timaluwa kamodzikamodzi, njere, ndere, masamba, mpaka chituluke chithunzi chachikulu, nthawi zambiri nkhani ya mBaibulo. Abusa amadalitsa chitsimecho ndipo pakatha sabata dongo lauma, lang'ambika, chithunzi chatha. Mudzi uliwonse uli ndi nthawi yake kuyambira Meyi mpaka Seputembala, wotchuka kwambiri ndi Tissington koma iwo amachita mu Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, pa chikumbutso cha kukwera kumwamba kwa Ambuye.

Eyam ili ndi mbiri yakenso. Mu 1665 mliri unafika mmudzimo ndi nsalu zochokera ku London, ndiye abusa William Mompesson anagwirizana ndi anthu kuti wina asatuluke kuopa kufalitsa matendawo. Anamwalira anthu pafupifupi 260. Mwala wa pamalire ulipobe, uli ndi timabowo mmene ankaikamo ndalama mu viniga polipira chakudya chimene a midzi ina ankawasiyira.

Za kuyenda pansi: musaope kudutsa mmunda mwa munthu ngati pali chikwangwani cha public footpath (njira ya anthu onse) kapena kamuvi kachikasu, ndi ufulu wanu mwalamulo. Sunabwere wokha ufuluwu, mu 1932 gulu la anthu linakwera phiri la Kinder Scout mwadala eni malo akukaniza, asanu anawatsekera kundende, ndipo mu 1951 Peak District inakhala national park (dera lotetezedwa ndi boma) yoyamba mdziko lino. Amayi musawakweze Kinder ayi, kuyenda pang'ono ku Edale kapena ku Hathersage nkokwanira, mu Ogasiti mapiri amakhala ofiirira ndi maluwa a heather. Geti mulisiye mmene mwalipezera, ndipo ng'ombe ya kamwana muilambalale patali, zakunozi ndi zazikulu ndipo zimavulaza anthu.

Mwina munaona pa Facebook anthu akugubuduka paphiri kuthamangitsa tchizi. Kumeneko ndi ku Cooper's Hill ku Gloucestershire, kumapeto kwa Meyi, ndiye zakupitani, komanso kunena zoona ndi kutali ndipo kumakhala chipwirikiti, sikoyenera munthu wamkulu. Ovina a Morris, aja omanga mabelu mmiyendo nkumamenyanitsa ndodo, mutha kukumana nawo pa zochitika za mmidzi zomwezi.

Jekete yamvula mutenge ngakhale dzuwa likuswa mtengo, nsapato zikhale zosaopa matope. Lamulungu mabasi amachepa kwambiri ndiye muonetu nthawi ya basi yomaliza musananyamuke, ndipo ngati mukufuna Sunday roast (nkhomaliro ya nyama yootcha ya Lamulungu) kupabu ya mmudzi imbanitu foni kusungitsa tebulo. Amayi akamva zoti pabu mwina adzakana, muwauze kuti masana kumakhala mabanja ndi ana, tiyi amagulitsanso.