Musanakongole ya malata, nyumbayo ndi ya ndani?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Nyumba ya malemu makolo athu ku Dedza ndi yakale, ndiye ndinaganiza zoikonza n'kuwonjezera zipinda ziwiri zamakono, bafa ndi chimbudzi zamkati. Ndatumiza kale pafupifupi K5 miliyoni kwa mng'ono wanga koma khoma langofika pa windo. Kodi ndikongole K1 miliyoni kwa akatapila kuti tifolere mvula isanagwe?

Yankho: Achimwene, za katapila ndiyankha mwachidule, ayi. Akakupatsani miliyoniyo pa chiwongola dzanja cha theka pamwezi, miyezi itatu yokha mwalipira miliyoni ndi hafu ngongole yeniyeniyo ili chikhalire, pomwe nyumba ya kumudzi simulowa lendi olo 1 kwacha. Basi tasiye zimenezo.

Chomwe chandidetsa nkhawa ine ndi chomwe simunafunse. Mwati nyumba ya makolo. Nanga malowo ndi a ndani? Kwathu kwa Achewa malo amayenda kuchikazi, ndi a mbumba, ndiye kuti alongo anu ndi ana awo ali ndi mawu pamenepo kuposa akazi anu ndi ana anu. Lero onse akukuombera m'manja poti ndalama zikubwera, koma tsiku lomwe inu mudzatsikire kuli chete, mayi a kunyumba kwanu adzauzidwa bwinobwino kuti zikomo, kwanu ndi uko, matailosi ndi bafa lamkati zonse n'kutsala. Makalata otere ndawerenga ambiri ndipo amandipweteka mtima. Imitsani kaye ntchito, pa Khirisimasi mukabwera khalani pansi ndi amalume, alongo anu ndi a nyakwawa, mulembe papepala kuti mbali yatsopanoyo ndi ya ndani, aliyense asayine. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere, mukafunse ku ofesi ya DC momwe zikuyendera kwanuko. Akakana kusayina, konzani denga ndi ming'alu ya nyumba yakaleyo polemekeza makolo, zipinda zamakonozo mukamange pa puloti yanuyanu.

Tsopano K5 miliyoni ija. Kope lili kuti? Mwati "pafupifupi", ndiye kuti nanunso simukudziwa yomwe mwatumiza. Sindikunena kuti mng'ono wanu ndi wakuba ayi, koma ndalama ya simenti ikafika pamudzi imapeza maliro, fizi ya mwana, feteleza, wina wadwala, ndipo iyeyo sangakane poti amakhala nawo tsiku ndi tsiku. Zoonadi mitengo inakwera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma zipinda ziwiri zofika pa windo zokha n'kudya ndalama yonseyo? Tengani mameseji onse otumizira ndalama muphatikize, iye abweretse malisiti, mmisiri anene matumba omwe analowa kukhoma, muone kusiyana kwake.

Kuyambira pano ndalama ya pakhomo izipita payokha, ya nyumba muzilipira ku hadiweya mwachindunji, mmisiri muzimulipira akamaliza gawo, linta ikatha, denga likatha, chithunzi pa WhatsApp kaye kenako ndalama. Simenti musamaunjike, imauma m'matumba momwemo, bola kugula malata ndi mafelemu.

Mumufunsenso mmisiriyo kuti khoma latsopano walilumikiza bwanji ndi lakale lija, poti ngati lakale anamangira dothi lopanda maziko enieni lidzang'ambika polumikizira pomwepo. Chaka chino phimbani pamwamba pa khoma ndi pulasitiki, sizigwa ndi mvula imodzi.