Wronskian yatuluka ziro pa x = 0, nanga andithetheranji?

Mnyamata wina wa chaka chachiwiri, wokhala ku Chikanda kuno ku Zomba, wandilembera chonchi: "Pa mayeso a linear algebra anatifunsa ngati sin x ndi sin 2x ali linearly independent. Ndinapeza Wronskian, nditaika x = 0 inatuluka ziro, ndiye ndinalemba kuti ali dependent. Andithetha. Ndalakwa pati?"

Mphwanga, masamuwo unawerengera bwino, unapunthwa pomasulira yankho. Wronskian ndi chida choyesera ngati ma function ali independent, ndipo ya f ndi g ndi f g′ − f′ g. Ya awiriwa ndi 2 sin x cos 2x − cos x sin 2x, ndipo pa x = 0 ndi zirodi. Koma taika x = π/2, upeza −2. Malo amodzi okha pamene Wronskian si ziro ndi umboni wokwanira kuti ali independent, pomwe ziro wa pamalo amodzi sakuuza kanthu. Ngakhale itakhala ziro paliponse, usathamangire kulemba dependent. Giuseppe Peano anaonetsa mu 1889 kuti x² ndi x|x| Wronskian yawo ndi ziro paliponse, chonsecho palibe nambala imene ungachulukitse nayo mmodzi n'kupeza mnzakeyo.

Ine ndikanakonda uyambe ndi tanthauzo lenilenilo, Wronskian ibwere pambuyo. Lemba a sin x + b sin 2x = 0 pa x aliyense: ngati izi zingatheke pokhapokha nambala a ndi b zonse zili ziro, ali independent; apo ayi, ali dependent. Mawu akuti "aliyense" ndiwo akukupatsa ufulu wosankha x amene akupepukira. Tenga π/2: sin 2x asanduka sin π, amene ndi ziro, ndipo utsala ndi a = 0. Tenga π/4: sin 2x ndi 1, choncho b = 0. Mizere iwiri basi, funso latha.

Ukakayikira kuti gulu lina ndi dependent, usayambe ndi determinant, yamba wakumbukira ma identity. Zimandipweteka kuona wophunzira atadzaza tsamba lonse ndi ma derivative a 1, sin²x ndi cos 2x, nthawi ya mayeso ikutha, pamene cos 2x = 1 − 2 sin²x akanamutulutsa pa mzere umodzi.

Koma pali msampha wina umene umakola ambiri. Poti sin 2x = 2 sin x cos x, ena amati sin x, cos x ndi sin 2x ali dependent. Ayi ndithu. Chochulukitsira chiyenera kukhala nambala yosasintha, ndipo cos x amasintha x akasintha.

Usaziphunzire chifukwa cha mayeso okha. Fourier series, njira yolembera function pophatikiza ma sin ndi ma cos, yaima pa mfundo yomweyi, yakuti sin x, sin 2x, sin 3x ndi anzawo ali independent. Ukadzagwira ntchito ya zamagetsi, monga a ESCOM amene amayenda pa 50 Hz, udzaidalira polekanitsa ma harmonic, mafunde a 100 Hz, 150 Hz ndi ena otero osakanikirana ndi a 50 Hz.

Madzulo ano lemba a sin x + b cos x + c sin 2x = 0, uike x = 0, kenako π/2, kenako π/4. Ukapeza a, b ndi c, upite nalo pepala lako lija kwa aphunzitsi ako, uwafotokozere wekha pamene unaphonya.