Umodzi, mgwirizano ndi chimvano si mawu amodzi

Mayi mwafunsa kuti pa nsalu ya gulu lanu la banki mkhonde mulembepo liwu liti pakati pa umodzi, mgwirizano ndi chimvano, popeza ena akuti zonsezo n'chimodzimodzi. Ine ndikuti ayi, amasiyana, ndipo kusiyana kwake kumaoneka tikawaphwanya mawuwo.

Umodzi wachokera ku tsinde -modzi, lomwe lija la munthu mmodzi, chala chimodzi. Ndiye kuti anthu ambiri asanduka chinthu chimodzi, wina sakudziwerenganso payekha. N'chifukwa chake mawuwa amakonda zinthu zikuluzikulu: mtundu, dziko, mpingo. Pa chizindikiro cha dziko la Malawi pali mawu a Chingerezi otanthauza umodzi ndi ufulu, ndipo amene tinaphunzira nthawi ya Kamuzu tinkaloweza ngodya zinayi, yoyamba inali umodzi, kenako kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Umodzi sausainira. Umangokhalapo kapena kusowa.

Mgwirizano ndi wina. Yambani ndi kugwira, mufike pa kugwiriza, monga mmene mphanda imagwirizira nthochi yolemedwa ndi mkoko kuti isagwe. Mukawonjezera -ana, ndiye kuti uyu akugwiriza uyo, uyonso akugwiriza uyu. Onani kuti anthuwo akadali awiri, aliyense ndi mutu wake ndi thumba lake, koma apangana kuti pa ichi tichitira limodzi. Ndiye chifukwa chake timati kupanga mgwirizano, kusainira mgwirizano, kuphwanya mgwirizano. Andale amawadziwa bwino mawuwa. Mu 2004 zipani zingapo zinapita ku chisankho pansi pa dzina la Mgwirizano, mtsogoleri ali a Gwanda Chakuamba, koma chipani chilichonse chinali ndi mbendera yake, ndipo chisankho chitangotha aliyense anayang'ana njira yake.

Chimvano ndi mwana wa kumva. Kumvana ndiko kuti ndikalankhula iwe undimve, nawenso ukalankhula ndikumve. Akuluakulu anati chimvano cha mavu choning'a pamimba: mavu onse ndi owonda m'chiuno ngati anachita kupangana, palibe anakana. Mungathe kukhala ndi mgwirizano wolembedwa bwinobwino m'kope la alembi, chimvano palibe, tsiku logawana ndalama n'kumva phokoso mpaka kwa amfumu. Chosangalatsa n'chakuti mu CCAP momwemo, bungwe la amayi ku sinodi ya Nkhoma limatchedwa Chigwirizano, ku Blantyre ndi Mvano, pomwe ku Livingstonia amati Umanyano, kuchokera ku kumanya kwa Chitumbuka, kudziwana. Mpingo umodzi, mayina atatu.

Palinso chiyanjano, koma chimenecho chili ndi kafungo ka anthu amene anadanapo, ankhoswe kapena akulu ampingo n'kuwayanjanitsa. Mukalemba pa nsalu, apanjira azifunsa kuti munayambana chiyani.

Wina m'ndemanga wati bwanji chitaganya. Chonde musayerekeze. Mawuwa agogo athu anawamva kuwawa, chifukwa ndi amene ankatchulira boma lija lophatikiza Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri kuyambira 1953 mpaka 1963, lomwe anthu akuda analikana kuyambira pachiyambi. Chitaganya chimamveka ngati kuunjika pamodzi zinthu zimene sizinafunsidwe.

Za zinthu zogwirika ndi manja tili ndi mawu ena, ndipo apa ndi pamene achinyamata akusokoneza kwambiri. Kulumikiza ndi kutenga nsonga ziwiri n'kuzikumanitsa: chingwe cha mbuzi chaduka, mwamanga mfundo, mwalumikiza. Wamagetsi amalumikiza mawaya, msewu umalumikiza maboma awiri. Kuphatikiza ndi kuika ichi pa icho, monga ndalama za Lachiwiri ndi za Lachisanu kuti mupeze zonse pamodzi. Zikamatirirana zokha timati zaphatikana, ngati nthochi ziwiri za khungu limodzi zija amayi anga ankandilanda kuti ndingadzabereke mapasa. Kusakaniza ndiye kwa ufa ndi gaga, ukatero sungazilekanitsenso. Choncho kunena kuti gulu lathu laphatikiza amayi makumi awiri n'kolakwika pang'ono, anthu sitiwaphatikiza ngati masamu.

Kwa inu, Mayi, amene aliyense amabwera ndi masheya ake, kukongola payekha, n'kudzalandira zake pakutha kwa chaka, mawu oyenera ndi mgwirizano. Mukafuna kuti dzina limveke lamoyo, lisandutseni pempho: Tigwirizane, kapena Timvane ngati vuto lanu lalikulu ndi milomo. Ndipo muwauze osindikiza nsaluwo kuti mgwirizano salemba ndi nkhodolero pambuyo pa m. Nkhodolero imeneyo ndi ya m'nyumba, m'munda, pamene tafupikitsa mu.