Ndatopa kusamalira achimwene

Funso: Aphungu, achimwene anga akhala akudwala matenda a maganizo kwa zaka 3. Usiku sagona, amalankhula okha, mankhwalanso ndimachita kuwanyengerera. Wowasamalira ndine ndekha. Dzana ndinawakalipira, kenako ndinakalira kuseri kwa nyumba. Kodi ndine woipa mtima? — Mlongo wotopa

Yankho: Ayi achemwali, mwangotopa. Mutu umodzi susenza denga; itanani achibale mugawane masiku, ngakhale awiri pa sabata, nanunso mupezeko tulo. Akamanena kuti akumva mawu omwe inu simukuwamva, musatsutsane nawo, mungowauza kuti mukuona kuti ali ndi mantha. Mankhwala asasiye mwadzidzidzi, matendawa amayambiranso. Ngati akuwafooketsa, kauzeni adokotala aone zosintha. Kuchipatalako mukanenenso za kulira kwanuko.