Kodi choikamo maluwa cha agogo n'cha ku Murano?

Mayi wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo. Akuti agogo awo aamuna pobwera ku Wenela m'zaka za m'ma 1960 anatenga choikamo maluwa chagalasi, cholemera kwambiri, chofiira mkati koma kunja kwake koonekera mbee. Mwana wa mayiyu waona zofanana nacho pa intaneti, ndiye akuti n'cha ku Murano, achigulitse. Akufunsa ngati n'zoona, komanso malo ochiika m'nyumba.

Mayi, mwanayo sakulota ayi, koma musafulumire. Murano ndi tizilumba ta pafupi ndi Venice ku Italy, kumene amisiri a galasi anawasamutsira mu 1291 poopa kuti ng'anjo zawo zingatenthe mzinda. Kapangidwe mwafotokozako amakatcha sommerso: mmisiri amatenga galasi lamtundu likadali lotentha n'kuliviika m'galasi losungunuka lopanda mtundu, mwina kawiri kapena katatu, mpaka mtundu uja uzioneka ngati wamira. Flavio Poli wa kampani ya Seguso ndiye anatchuka nako m'ma 1950. Vuto n'lakuti zinthuzi zitayamba kuyenda malonda, mafakitale a ku Czechoslovakia ndi ku Japan anapanganso zawo, ndipo lero za ku China zili mbwee.

Ndiye chitembenuzeni muone kunsi. Chopangidwa ndi manja kawirikawiri chimakhala chopalidwa bwino kunsiko, chosalala, ndipo ngati n'chakaledi mupeza timikwingwirima tambirimbiri tobwera chifukwa chokhuzana ndi tebulo zaka zonsezi. Mukaona mzere wowongoka m'mbali kuchokera pamwamba kufika pansi, chinatuluka m'chikombole, monga zimachitikira ndi njerwa. Kapepala ka dzina musavutike kukafuna. Ambiri ankangomata, ndipo kanayoyoka kalekale pochitsuka.

Zogulitsazo ine sindikuziona bwino. Ogula zinthu zotere ali kutali, kabenthu kakang'ono kukamwa kamagwetsa mtengo, ndipo kuchitumiza kunja chosasweka ndi ntchito ina. Ndalama yake ingathe mwezi usanathe.

Chichotseni m'kabati momwe chabisala kuseri kwa mbale za alendo. Galasi lotere limafuna kuwala kudutse mkati mwake, choncho chiikeni pabalaza pafupi ndi zenera, pamalo pomwe ana sangafikire, koma osati pomwe dzuwa la mu Okutobala limawomba masana onse, chifukwa galasi lochindikala likatentha mbali imodzi limatha kung'aluka. Ngati munaikamo maluwa apulasitiki, pepani, achotseni, amaphimba mtundu womwe mmisiri anauvutikira. Chikhale chokha, kapena muikemo kanthambi kamodzi.

Madzi a pamjigo akakhalitsamo amasiya zoyera mkati. Thiranimo madzi ofunda pang'ono ndi viniga, onjezerani kampunga kosaphika, mukhutchumule mofatsa kenako muchiumitse. Madzi owira musayerekeze.