Kwa amene afunsa za bayoloje ya chaka choyamba ku Chanco

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mwasankhidwa kupita ku Chanco, Yunivesite ya Malawi ya ku Zomba, kukachita digiri ya sayansi, bayoloje munapeza 2 pa MSCE, koma sukulu yanu inali ya community day yopanda labu moti maikulosikopu munangoiona pachithunzi m'buku. Ndiye mukufunsa ngati mukakwanitse kulimbana ndi anzanu ochokera ku ma national secondary, komanso chimene mungamachite pamene mukudikira kuti sukulu itsegulidwe.

Mukakwanitsa. Za maikulosikopu musade nazo nkhawa kwambiri, masabata ochepa okha manja amazolowera. Chimene ine ndingakuchenjezeni nacho ndi 2 munapezayo. Ambiri amene amapunthwa semesita yoyamba ndi aja anakhoza bwino ku sekondale chifukwa choloweza manotsi ndi mayankho a mapepala akale a MANEB. Amafika ku Zomba akudziwa kuti njira yawo imagwira ntchito, napitiriza nayo, kenako mayeso oyamba akabwera amapeza kuti mawu onse a m'funso akuwadziwa koma yankho lake mulibe m'manotsi. Aphunzitsi a kumeneko amakonda kufunsa kuti chinthu chimayenda bwanji, ndipo mutachotsapo kachigawo kena chingachitike n'chiyani.

Titenge respiration. Ku Fomu 3 kapena 4 munaphunzira mzere umodzi: glucose akakumana ndi okosijeni pamatuluka kaboni dayokisaidi, madzi ndi mphamvu. Mzere umodzi womwewo ku yunivesite mukhala nawo masabata. Mudzayamba ndi glycolysis, imene imachitikira mu cytoplasm: glucose wa ma carbon 6 amagawidwa kukhala ma pyruvate awiri a ma carbon atatu aliyense, selo limawononga ATP 2 (ATP ndi molecule yonyamula mphamvu m'selo) n'kupeza 4, phindu lake ATP 2 ndi NADH 2 (yonyamula ma electron). Kenako mulowa mu mitochondria, Krebs cycle, ndiyeno mndandanda wa mapuloteni amene amapatsirana ma electron. Okosijeni ntchito yake ili kumapeto kwenikweni, kulandira ma electron aja. Woloweza amatha kulemba mayina onsewa mwandondomeko, koma mukamufunsa kuti n'chifukwa chiyani chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino chimapha munthu, amangokuyang'anani. Chikhalirecho yankho ali nalo m'manja. Chinangwa chowawa chili ndi linamarin, ndipo maselo ake akaphwanyika pamatuluka cyanide. Cyanide amakakamira pa enzyme yomaliza ya mndandanda uja, cytochrome c oxidase, ma electron amasowa kopita, ATP imasiya kupangidwa, munthu n'kumafa pamene magazi ake ali odzaza ndi okosijeni. Amayi a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota akamaviika chinangwa m'madzi masiku angapo asanachiyanike n'kusinja ufa wa kondowole, akuchotsa poizoni ameneyu. Funso la mtundu umenewu ndi limene limasiyanitsa anthu pa mayeso.

N'chimodzimodzi ndi yisiti. Aliyense amadziwa kuti popanda okosijeni yisiti amatulutsa mowa ndi kaboni dayokisaidi. Koma yisiti sapanga mowa pofuna kusangalatsa ofulula masese. Akufuna kubweza NAD+, imene glycolysis imaisandutsa NADH, kuti glycolysis isaime, mowawo ndi zotsalira chabe. Minofu yanu mukathamanga kwambiri imachita zofananazo, kungoti imatulutsa lactate. Mukagwira mfundo imodziyi, masamba angapo a manotsi safunikanso kuloweza.

Mwaona kuti zonsezi ndi kemisitiri. Apa ndi pamene ndingakulimbikitseni kuthera nthawi yanu yodikirayi. Buku la bayoloje la Fomu 4 lisiyeni kaye, mwalidya kale. Tengani la kemisitiri, makamaka ngati phunziroli linkakuvutani. Mumvetse bwinobwino covalent bond, ionic bond ndi hydrogen bond, mumvetse chifukwa chake madzi amasungunula mchere koma osasakanikirana ndi mafuta, pH ndi chiyani ndipo n'chifukwa chiyani kuchoka pa 7 kufika pa 6 ndi kuchulukitsa ma hydrogen ion kakhumi, oxidation ndi reduction, mole ndi kawerengedwe ka concentration. Mitu yoyambirira ya bayoloje ya chaka choyamba imakhala ya madzi, ma carbohydrate, mafuta, mapuloteni ndi ma nucleic acid, ndipo mphunzitsi sabwerera m'mbuyo kukufotokozerani polar molecule. Amatenga kuti mukudziwa. Cell membrane yonse, chifukwa chake zinthu zina zimadutsa zokha pamene zina zimafuna puloteni yozinyamula, yagona pa nkhani ya madzi ndi mafuta ija. Masamu nawonso musawataye: ma fraction, ma ratio, probability, kujambula graph yolondola, kusintha millimetre kukhala micrometre. Millimetre imodzi ndi ma micrometre 1,000, ndipo anthu amataya malikisi a ulele pa kanthu kameneka.

Tsopano za labu, poti ndi zimene zikukusowetsani tulo. Ntchito imodzi mwa zoyambirira pafupifupi kulikonse ndi ya anyezi. Mumasenda kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa gawo la anyezi, kaja kooneka ngati pepala loonekera, n'kukayala pagalasi pa dontho la madzi, kuthirapo ayodini pang'ono, kenako kutsitsa kagalasi kovundikira mopendeketsa pang'onopang'ono kuti mpweya usatsekeredwe. Mukakangogwetsa, mudzaona timipira tozungulira bwino tokhala ndi mphepete zakuda, ndipo chaka chilichonse pamapezeka wina amene amatijambula mosamala n'kulemba kuti ndi maselo. Ndi mpweya umenewo. Yambani nthawi zonse ndi lens yaing'ono, pezani chithunzi ndi chopukusira chachikulu, mukafika pa ×40 gwiritsani chaching'ono chokha, apo ayi muswa galasi ndipo a technician sakuiwalani. Eyepiece ya ×10 ndi lens ya ×40 zimapereka ×400.

Chachikulu pa labu n'chakuti mujambule zimene diso lanu likuona. Maselo a anyezi wa pansi pa nthaka alibe ma chloroplast, koma ophunzira ambiri amawaikamo chifukwa chithunzi cha selo la chomera chimene analoweza chinali nawo. Wochonga akangoona zimenezo amadziwa kuti simunayang'ane. Pensulo yosongoka, mizere yosadukizaduka, osapaka mthunzi, mizere ya ma label ijambulidwe ndi rula ndipo isapingasane, mutu ndi magnification pansi pake. Anzanu ochokera ku sukulu za labu amakuposani poyambirira pokha, ndipo ena mwa iwo amabwera ndi zizolowezi zoipa zimene zimavuta kusiya kusiyana n'kuphunzira kumene. Muzigwirizana ndi ma technician ndi ma demonstrator. Anthu amenewa amadziwa maikulosikopu imene ili yabwino ndi imene ili ndi nkhungu m'magalasi, ndipo ukawafunsa mwaulemu amakuonetsa zambiri zimene mphunzitsi alibe nthawi yokuonetsa.

Malipoti a labu ndi timayeso ta pakati pa semesita zimalowa m'malikisi omaliza. Mayaro ambiri, ophunzira a chaka choyamba, amazitenga mopepuka poganiza kuti adzakokera pa mayeso aakulu monga ankachitira ku sekondale, n'kudzapezeka akulemba sapu, mayeso obwereza a amene alephera. Zotsatira za experiment zikasiyana ndi za m'buku, lembani zimene mwapeza ndipo fotokozani chimene chingakhale chachititsa. Kukopera manambala a gulu loyandikana nalo kumaoneka msanga, chifukwa onse amalakwitsa pamalo amodzi.

Genetics ndi gawo limene ine ndimati munthu wokulira kumudzi ali ndi mwayi kuposa wa m'tauni. Mukudziwa kuti alangizi amaletsa kubzalanso chimanga cha hybrid chimene mwakolola, ndipo mwina munaonapo munda wa munthu amene sanamvere: mapesi ena aatali ena aafupi, zisononkho zosiyanasiyana, zokolola zotsika. Mbewu ya m'thumba ija ndi F1, yochokera kwa makolo awiri osankhidwa, ndipo mbewu zonse zimafanana. Njere zimene mwakololazo ndi F2, mmene ma gene agawanikanso mosiyanasiyana. Gregor Mendel anafotokoza zimenezi mu 1865 pogwiritsa ntchito nsawawa, n'kupeza 3:1 pa khalidwe limodzi ndi 9:3:3:1 pa makhalidwe awiri. Manambalawa musawaloweze paokha. Amachokera mu meiosis, pamene ma chromosome 46 a munthu amatsika kufika pa 23 mu dzira kapena umuna. Mukatha kujambula meiosis papepala loyera, kusonyeza kumene chromosome iliyonse ikupita, ma ratio aja amatuluka okha ndipo simudzasokonezanso mitosis ndi meiosis, zimene zimagwetsa anthu ambiri zedi.

Sickle cell idzabwera kangapo, chifukwa nkhani imodziyi imalumikiza mitu yambiri. Base imodzi ya DNA ikasintha, pa malo a nambala 6 a beta globin, puloteni ya mu hemoglobin, pamakhala valine m'malo mwa glutamic acid, hemoglobin imaundana okosijeni akachepa, selo lofiira n'kupindika. Makolo awiri onyamula gene imeneyi koma osadwala ali ndi mwayi wa 1 pa 4 wobereka mwana wodwala pa mimba iliyonse, ndipo mawu akuti iliyonse muwagwire, chifukwa ambiri amaganiza kuti mwana woyamba akadwala ndiye kuti atatu otsatira apulumuka. Funso lotsatira n'lakuti, gene yovutitsa chonchi ikupezekabe bwanji mwa anthu ambiri kuno ku Africa? Chifukwa onyamula kope limodzi amatetezeka ku malungo aakulu a Plasmodium falciparum.

Izi zikutifikitsa pa evolution, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa owerenga anyamuka kale pampando. Ndinene zanga: ndaona anthu opemphera kwambiri, ena atsogoleri a mapemphero a ophunzira, akukhoza bwino gawo limeneli popanda kusiya tchalitchi. Pa mayeso akukufunsani kuti mufotokoze mmene natural selection imagwirira ntchito ndi umboni wake, ndipo kulemba ulaliki papepalapo kumangokutayitsani malikisi. Umboni wina uli konkuno. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo chifukwa tizilombo tinali titasiya kuwamva, n'kuyamba SP uja tinkati Fansidar, ndipo mu 2007 tinasinthiranso ku LA. Patapita zaka chisiyireni chloroquine, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti tizilombo tosamva tija tachepa kwambiri ndipo tomva mankhwalawo tachulukanso. Mankhwala ali ponseponse, tosamvato ndi timene tinkapulumuka n'kuswana. Atachoka, mwayi wawo unatha. Sindikuti mukagule chloroquine, ndikungokuonetsani natural selection imene yachitika makolo anu akuona. Nyanja yathunso ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za cichlid, monga mbuna za m'miyala ya ku Cape Maclear, zambiri zosapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene UNESCO inaikira Lake Malawi National Park pa mndandanda wake mu 1984. Akatswiri amachoka kutali kudzaziona, inu muli nazo pafupi.

Gawo la kusiyanasiyana kwa zamoyo, ma phylum ndi ma class aja, ndi limene kuloweza sikungapeweke. Palibe chinyengo, n'kukhala pansi basi. Chimathandiza n'kumangirira dzina lililonse pa chinthu chimene mukuchidziwa: chambo ndi Oreochromis, usipa ndi Engraulicypris sardella, kaufiti wa m'chimanga ndi Striga, mkungudza wa ku Mulanje ndi Widdringtonia whytei, likodzo la m'chikhodzodzo ndi Schistosoma haematobium amene amadzera mu nkhono za Bulinus. Dzina loyamba limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri chaching'ono, ndipo polemba pamanja mumadula mzere pansi. Ku Zomba komweko kuli National Herbarium ndi Botanic Gardens, mukapeza mpata Loweruka kayendeniko.

Za kawerengedwe, musalole sabata kutha muli ndi mutu umene simunaumve, chifukwa semesita imathamanga ndipo mutu uliwonse umakwera pa unzake. Mukawerenga, tsekani buku, tengani pepala mujambule ndi kufotokoza nokha. Pamene cholembera chaima ndi pamene simunamvetse. Pezani anzanu atatu kapena anayi okonda kufunsana mafunso. Gulu likakula kuposa apo limasanduka la macheza. Chingerezi cha aphunzitsi ena chimathamanga, makamaka m'kalasi ya anthu ambiri, choncho khalani kutsogolo ndipo werenganiko mutuwo musanalowe kuti mawu atsopano asakupezeni koyamba ali m'kamwa mwa munthu.

Mabuku akuluakulu a bayoloje ndi odula ndipo a ku laibulale amalimbiranidwa mayeso akayandikira. Musavutitse makolo kuti akugulireni. Pa intaneti pali OpenStax, ya Rice University ku America, imene imapereka mwaulele buku lathunthu la bayoloje ya chaka choyamba. Likopereni pafoni kamodzi mukapeza bandulo, ndipo mitu yoyambirira ya kemisitiri ya zamoyo ndi ya selo mutha kuyamba lero. Ndalama imene ilipo musungire lab coat, nsapato zotseka kuphazi poti ndi masilipasi salowetsa mu labu, kakyuleta ya sayansi, mapensulo a HB ndi ya fotokope. Mndandanda weniweni wa zofunika mudikire umene adzakupatseni ku dipatimenti, musagule dissecting kit asanakuuzeni.